Matenda Amene Amadziwika ndi Mawu a Wodwala

"M'mimba mukundivuta." Ambiri a ife timafika kwa dokotala ndi mawu awiri amenewa, n'kumayembekeza kuti zotsalazo aona yekha. Pa malungo zimatheka: amabaya chala, kachipangizo kamaonetsa mizere, mankhwala n'kuperekedwa. Koma alipo matenda a m'matumbo amene makina sawaona. Magazi amapezeka ali bwino, m'chimbudzi mulibe tizilombo, ngakhale atalowetsa kamera m'matumbo sapeza chilonda. Komabe munthu akuvutika ndithu, chaka ndi chaka. Madokotala amawatcha Irritable Bowel Syndrome, mwachidule IBS, ndipo umboni wake waukulu ndi zimene wodwala wafotokoza ndi pakamwa pake. N'chifukwa chake mawu a matendawa ayenera kudziwika kwa odwala eniake, osati kwa achipatala okha.

Muyeso umene madokotala ambiri amatsatira unakonzedwa ndi bungwe la Rome Foundation, ndipo umene unatuluka mu 2016 umatchedwa Rome IV. Umati munthu akhale akumva kupweteka m'mimba tsiku limodzi kapena kuposerapo pa sabata, kwa miyezi 3 yapitayi, ndipo vutolo likhale litayamba miyezi 6 kapena kuposerapo m'mbuyomo. Ululuwo ukhalenso ndi ziwiri mwa zitatu izi: ukugwirizana ndi kuchita chimbudzi, wabwera limodzi ndi kusintha kwa maulendo opita kuchimbudzi, kapena wabwera ndi kusintha kwa maonekedwe a chimbudzicho. Taonani kuti zonsezi palibe makina angazidziwe. Amazidziwa ndi mwini mimba.

Apa ndiye pamene pamavuta, chifukwa tinaleredwa kuti za kuchimbudzi sitinena pagulu. Timati "ndapita kukadzithandiza" kapena "ndapambuka", nkhani n'kuthera pomwepo. Ulemu umenewu ndi wabwino pakhomo, koma m'chipinda cha dokotala umatipweteka. Azungu nawonso amachita manyazi omwewa. Dokotala Ken Heaton wa ku Bristol ku England anakonza tchati cha mitundu 7 ya chimbudzi, chimene iye ndi mnzake Stephen Lewis anachifalitsa mu 1997. Mtundu 1 ndi timibulu tolimba ngati ta mbuzi, totuluka movutikira. Mtundu 2 ndi timibulu tomweto titamatana. Mitundu 3 ndi 4 ndiyo yabwino, yotalika, yofewa, yotuluka popanda kudzikakamiza. Mtundu 5 ndi tizidutswa tofewa, 6 ndi chaphalaphala, 7 ndi madzi okhaokha. Munthu amene sangathe kufotokoza angathe kungoloza nambala. Tchatichi ndimachiona ngati chimodzi mwa zinthu zachifundo kwambiri zimene achipatala anapanga, chifukwa chimam'chotsera wodwala manyazi koma choonadi chonse n'kufika kwa dokotala.

Manambala omwewa ndi amene amagawa matendawa m'magulu. Ngati pa masiku ovuta chimbudzi chimakhala kwambiri cha mtundu 1 kapena 2, amati IBS-C. Ngati chimakhala cha 6 kapena 7, amati IBS-D. Ngati zimasinthanasinthana, sabata ino kulimba, sabata yamawa kutsegula, amati IBS-M. Kusiyanitsaku n'kofunika chifukwa mankhwala ake ndi otsutsana: loperamide amene amathandiza wotsegula m'mimba angamuwonjezere mavuto amene chimbudzi chikumuvuta kutuluka. Apa tichenjere ndi mawu athu akuti "kudzimbidwa". Wina akatero akutanthauza kuti wadya mopitirira muyeso ndipo mimba yalemera, wina akutanthauza kuti watha masiku 4 osachita chimbudzi. Dokotala afunika kumva kuti ndi ziti. Chimodzimodzinso kupotokola, kutupikana kwa mimba madzulo mpaka chitenje kapena lamba kuthina, mpweya wambiri, kumva ngati chimbudzi chatsalira ngakhale wangochoka kumene kuchimbudzi, kapena kufulumizidwa moti sungadikire: chilichonse chili ndi tanthauzo lake, ndipo kungozikulunga zonse m'dzina la "maalsa" kumachititsa anthu kumwa mankhwala a zilonda za m'mimba zaka zambiri pomwe chilonda alibe.

Nanga ngati palibe chilonda, ululu ukuchokera kuti? Kale matenda ngati awa ankangotchedwa osaoneka chifukwa chake, ndipo odwala ambiri ankabwerera kunyumba atauzidwa kuti ndi maganizo chabe. Mawu amenewa amapweteka, ndipo si oona. Rome IV inaika IBS m'gulu la matenda a kusamvana kwa matumbo ndi ubongo. Matumbo ali ndi mitsempha yawoyawo yambirimbiri imene imatumizirana mauthenga ndi ubongo usana ndi usiku. Mwa munthu wa IBS mitsemphayi imamva msanga mopitirira muyeso. Mu 1973 dokotala James Ritchie anaonetsa zimenezi polowetsa kabaluni m'matumbo aakulu n'kukapopa pang'onopang'ono: odwala IBS ankamva ululu pa mpweya umene anthu ena ambiri sankaumva kupweteka. Choncho nkhawa, maliro, ngongole kapena mayeso zingathe kukulitsa vutoli, koma ululuwo ndi weniweni, uli m'thupi.

Kwa ena matendawa amayamba pambuyo pa kutsegula m'mimba kwa tizilombo. Mu 2000 madzi akumwa a m'tauni ya Walkerton ku Canada anaipitsidwa ndi mabakiteriya, anthu oposa 2,000 anadwala, ndipo ofufuza atawatsatira anapeza kuti ena mwa iwo anatsala ndi zizindikiro za IBS patapita zaka. Kafukufuku wosiyanasiyana amasonyeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa 10 alionse amene adwala matenda otere amatsala ndi vutoli. Kwa ife amene timakumana ndi matenda otsegula m'mimba dzinja lililonse, imeneyi si nkhani yakutali.

Pali mawu ena ofunika kuposa onse, amene madokotala amawatcha zizindikiro zochenjeza. Magazi m'chimbudzi, kuwonda popanda chifukwa, kuchepa kwa magazi, kutentha thupi, kutsegula m'mimba kokudzutsa usiku, vuto loyamba munthu atapitirira zaka 50, kapena wachibale amene anadwala khansa ya m'matumbo: izi si za IBS, ndipo sizifuna kudikira. IBS isasokonezedwenso ndi IBD, dzina la matenda otupitsa ndi kuchititsa zilonda m'matumbo monga Crohn's disease. Kwathu kuno dokotala wosamala amayamba waganizira njoka za m'mimba, giardia, amoeba, likodzo la m'matumbo, chifuwa chachikulu cha m'mimba ndi HIV asanatchule IBS. Munthu asadzipatse yekha dzinali chifukwa chowerenga pa foni.

Pa zakudya, mawu amene afala ndi FODMAP, ochokera ku Monash University ku Melbourne, kumene Peter Gibson ndi Sue Shepherd anayamba kuwagwiritsa ntchito mu 2005. Ndi dzina la mitundu ya shuga imene matumbo aang'ono sayamwa bwino. Imakoka madzi, ndipo ikafika m'matumbo aakulu mabakiteriya amaiwiritsa n'kutulutsa mpweya. Imapezeka mu anyezi, adyo, nyemba, buledi wa tirigu, mkaka, uchi, maapozi ndi mango. Mpunga, mbatatesi, mazira, nsomba, papaya ndi ufa wa chimanga zili ndi yochepa, choncho nsima siikhala mdani kwa ambiri. Kawirikawiri vuto limabisala mu ndiwo. Njira yake ndi kuchepetsa zakudyazo kwa masabata 2 mpaka 6, kenaka n'kumazibwezera chimodzichimodzi kuti mudziwe chimene chikukuvutani ndi muyeso wake. Gawo lobwezerali ndi limene ambiri amalidumpha, ndipo zimandidetsa nkhawa. M'banja limene nyemba ndiyo ndiwo yodalirika, kuzisiyiratu popanda umboni ndi kudziitanira matenda ena.

Mankhwala alipo othandiza: hyoscine kapena mebeverine pa kupotokola, ispaghula pofewetsa chimbudzi, ndi amitriptyline wa muyeso wochepa woziziritsa mitsempha ya m'matumbo. Dokotala akakulemberani womalizayu musaganize kuti wakuyesani wodwala misala. IBS siisanduka khansa ndipo siifupikitsa moyo, koma imalanda munthu ufulu wokwera minibasi ulendo wautali kapena kukhala m'tchalitchi mpaka mapemphero kutha, ndipo zimenezo n'zokwanira kufunira thandizo.

Ngati mimba yakhala ikukuvutani miyezi yambiri, tengani kope. Kwa masabata awiri lembani zimene mwadya, nthawi imene ululu wabwera, maulendo a kuchimbudzi ndi nambala ya mtundu wake. Pitani nalo kuchipatala limodzi ndi buku lanu la umoyo, ndipo mukamuwerengere dokotala zonse mosabisa.