Makalata Amene Anaoloka Malire: Zimene Zinacitika M'zaka Zimene Mpingo Wathu Unabadwa

Pa Levitiko 25 Mulungu analamula Aisraeli kuti caka ca 50 cikakwana aziliza lipenga ndi kulengeza ufulu m'dziko lonse. Akapolo anali kumasulidwa, ndipo amene anagulitsa munda wa makolo cifukwa ca umphawi anali kubwerera pamunda pake. Ndiye cifukwa cake m'kabuku aka, pambali pa mbiri ya omanga chalichi ndi ya atumiki amene anagwira nchito pano, taikamonso nkhani ya ufulu wa kupembedza. Mpingo wathu unabadwa m'zaka zimene ufulu umenewu unaponderezedwa pafupi ndi ife pomwe, tsidya la malire, ndipo anthu a m'maiko akutali anaumenyera ndi pepala, colembera ndi sitampa.

Ife a kwa Mwase sitingathe kunena kuti za ku Malawi ndi za eni. Ufumu wa Mwase wa kuno ndi wa Mwase wa ku Kasungu ndi wa mtundu umodzi. Ambiri a ife tili ndi amalume, azakhali ndi apongozi ku Kasungu ndi ku Mzimba, ndipo maliro akagwa timaoloka osafunsa kuti malire ali pati. Dr Hastings Kamuzu Banda nayenso kwawo kunali ku Kasungu komweko.

Ciletso ca 1967

Dziko la Malawi linalandira ufulu pa 6 Julayi 1964, ndipo mu 1966 linakhala la cipani cimodzi, Malawi Congress Party. Munthu aliyense anayenera kugula khadi la cipani. Wopanda khadi anali kubwezedwa pamsika, pokwera basi, ngakhale pacipatala. Mboni za Yehova, zimene kuno ambiri amazichula kuti a Citawala, zinakana kugula khadilo. Zinati msonkho zidzapereka, malamulo zidzasunga, koma kulowa cipani ca ndale cikumbumtima cawo sicilola.

Mu Seputembala 1967 msonkhano waukulu wa cipani, umene unacitikira ku Mzuzu, unapempha boma kuti liletse gululi, ndipo mu Okutobala caka comweco linaletsedwa. Amishonale awo anathamangitsidwa m'dziko. M'midzi anyamata a cipani, Ayufi ndi Apayoniya, anatentha nyumba ndi nkhokwe, anamenya anthu, anagwirira amai, ndipo ena anaphedwa.

M'Malawi munalibe nyuzipepala kapena wailesi imene ikanalimba mtima kunena zimenezi. Conco anzawo a kunja anatsata njira ina. Kumayambiriro kwa 1968 magazini awo anafalitsa nkhaniyi m'zinenero zambiri, nasindikiza maina ndi makeyala a Dr Banda ndi nduna zake, ndi kupempha owerenga kuti alembe makalata. Makalata anayamba kufika ku Malawi ali mulumulu, ocokera ku America, ku Ulaya, ku Asia ndi ku maiko ena a mu Africa. Ambiri mwa olembawo anali anthu wamba amene Malawi sanamuonepo, ndipo ozunzikawo sanali kuwadziwa ngakhale dzina.

Sinda Misale

Makalatawo sanacotse ciletso. Mu 1971 Dr Banda anakhala Pulezidenti wa moyo wake wonse. Mu Seputembala 1972 msonkhano wa cipani ku Zomba unagamula kuti Mboni zicotsedwe nchito, zisaloledwe kucita malonda, ndi kuti zithamangitsidwe m'midzi. Nkhanza zinabukanso, zoposa zoyamba zija.

Apa mpamene nkhaniyi inalowa m'cigawo cathu ca Kum'mawa. Anthu oposa 19,000 anathawira ku Zambia, nasonkhanitsidwa pamsasa wa Sinda Misale, kum'mwera kwa Chipata, pafupi ndi malire a Malawi ndi Mozambique. Madzi abwino anali osowa, matenda anabuka, ndipo anthu oposa 300 anamwalira, ambiri a iwo ana. Mu Disembala 1972, mwezi womwewo umene Zambia nayo inakhala dziko la cipani cimodzi, boma lathu linawakweza m'malole ndi kuwabwezera ku Malawi. Kumeneko anapeza zomwe anathawa zija zikuwadikira. Ambiri anathawanso, ulendo uno kunka ku Mlangeni, m'dziko la Mozambique. Dzikolo litalandira ufulu mu 1975, boma latsopano la FRELIMO linawabweza, ndipo ambiri anatsekeredwa ku Dzaleka m'boma la Dowa, pamalo pamene lero pali msasa wa anthu othawa kwawo.

Nthawi zonsezi makalata anali kulembedwabe. Mu 1972 ndi mu 1975 pempho linabwerezedwa, ndipo ena analembera atsogoleri a mipingo ina kuwafunsa cifukwa cimene anali cete. Mu 1976 Philip Potter, mlembi wamkulu wa bungwe la World Council of Churches ku Geneva, analembera Dr Banda kalata yowadandaulira anthuwa, ngakhale kuti Mboni sizinali m'bungwelo ndipo zinali kulitsutsa poyera.

Kwathu kuno

Tisaganize kuti mavuto otere anali a tsidya lina lokha. Boma lino la Lundazi linaona mwazi mu Ogasiti 1964, pa nkhondo ya pakati pa otsatira a Alice Lenshina a mpingo wa Lumpa ndi boma pamodzi ndi a cipani ca UNIP. Anthu anafa mbali zonse ziwiri, mpingowo unaletsedwa, ndipo mabanja ena kufikira lero safuna kukamba za masiku amenewo. M'masukulu a Zambia ana a Mboni anali kucotsedwa cifukwa cokana kuimba nyimbo ya fuko ndi kucitira sawacha mbendera. Mu 1967 mlandu wa mtsikana Feliya Kachasu wa ku Mufulira unafika ku Khoti Lalikulu, ndipo khoti linagamula mokomera boma.

Pali cinthu cimodzi cimene mbiri siitilola kubisa. Pamene a Citawala anali kuzunzika, mipingo ikuluikulu ya ku Malawi ndi ya kuno siinalankhule mokweza. Ena anali ndi mantha, ndipo manthawo anali ndi cifukwa, pakuti wotsutsa boma anali kumangidwa popanda mlandu. Ena anati anthuwa adziputira okha, bwanji osangogula khadi? Enanso anati ciphunzitso cawo n'cosokera, nanga tiwalankhulirenji? Dr Banda mwini anali kudzichula poyera kuti ndi mkulu wa mpingo wa Church of Scotland, ndipo Akhristu ambiri anaona ngati ndi mnzawo. Anaiwala mau a makolo aja akuti caona mnzako capita, mawa cili pa iwe.

Mawa linafika

Pa 8 Marichi 1992 m'machalichi onse a Katolika ku Malawi munawerengedwa kalata ya maepiskopi yodzudzula umphawi, kumanga anthu popanda mlandu ndi kutseka anthu pakamwa. Boma linati kalatayo ndi youkira ndipo wopezeka nayo amangidwe. Arkiepiskopi James Chiona ndi anzake anafunsidwa mafunso ndi apolisi kwa maola ambiri, ndipo akuluakulu ena a cipani anakambirana zowapha. Mu Epulo Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko. Mbusa Aaron Longwe wa CCAP ku Mzuzu komweko anamangidwa cifukwa ca ulaliki wake.

Tsopano amene anali cete aja ndiwo anafuna kuti wina awalankhulire. Ndipo anapezeka owalankhulira. Mipingo ya ku Scotland ndi ya maiko ena inalemba makalata ndi kutumiza nthumwi. Mu Meyi maiko othandiza Malawi, atakumana ku Paris, anaimitsa thandizo lina kufikira ufulu wa anthu utalemekezedwa. Mu Juni nthumwi za World Alliance of Reformed Churches pamodzi ndi atsogoleri a CCAP zinapereka kalata kwa Dr Banda yopempha kuti zinthu zisinthe. Pa 14 Juni 1993 Amalawi anavotera zipani zambiri, ndipo pa 12 Ogasiti 1993 ciletso ca Mboni za Yehova cinacotsedwa, patapita zaka pafupifupi 26.

Kodi makalata anathandiza?

Wofuna kunena zoona sangati makalata a 1968 anagonjetsa boma, pakuti nkhanza za 1972 ndi 1975 zinabwera pambuyo pake. Komabe anagwira nchito zitatu. Coyamba, anacotsa cinsinsi: wozunza amadalira kuti za m'mudzi zithera m'mudzi, koma envulopu iliyonse inali kumuuza kuti dziko likuona. Caciwiri, anasunga umboni, kotero kuti lero palibe anganene kuti zimenezi sizinacitike. Cacitatu, analimbitsa mtima ozunzikawo, pakuti wandende amene akudziwa kuti akukumbukiridwa amapirira kusiyana ndi woiwalika. Mu 1992 mau ocokera kunja anaphula kanthu msanga cifukwa anakumana ndi mau ocokera m'kati. Kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu.

Njira imeneyi ndi ya m'Malemba. Pa Ezara 5 ndi 6 nchito yomanga Kacisi inapitirira cifukwa ca makalata a pakati pa Yerusalemu ndi mfumu Dariyo. Estere anaika moyo wake pangozi kukadandaulira mtundu wake kwa mfumu yacilendo. Paulo, pa Macitidwe 25, anapempha kuti mlandu wake ukamveke kwa Kaisara. Miyambo 31:8-9 imatilamula kulankhulira amene sangathe kudzilankhulira, ndipo Ahebri 13:3 amatiuza kukumbukira andende ngati kuti tamangidwa nawo pamodzi.

Za ife ndi ana athu

Timasiyana ndi Mboni za Yehova pa ziphunzitso zazikulu, makamaka za Utatu Woyera ndi za Umulungu wa Ambuye wathu Yesu Khristu, ndipo kusiyanako sitikubisa. Koma lamulo limene limalola ife kuliza belu pa Sabata m'mawa ndi lomwelo limene limateteza iwo, limateteza Msilamu wa pa boma pa Lundazi, ndi mnansi amene sapemphera konse. Pa 29 Disembala 1991 Pulezidenti Frederick Chiluba analengeza kuti Zambia ndi dziko Lacikhristu, koma gawo 19 la malamulo oyendetsera dziko limapatsa munthu aliyense ufulu wa cikumbumtima ndi wa cipembedzo. Zonse ziwirizi tiyenera kuzisunga. Tikalola kuti mnzathu alandidwe ufulu cifukwa sitigwirizana naye, tatsegula khomo limene mawa adzalowerapo otilanda ife.

Lero lino kuli okhulupirira amene ali m'ndende kapena akubisala cifukwa ca cikhulupiriro cawo, monga ku Eritrea ndi ku North Korea. Pempho likadzafika lakuti tiwalembere kalata, tidzakumbukire maphunziro a m'mbiri iyi. Tilembe zokhazo zimene tatsimikiza kuti ndi zoona. Tilembe mwaulemu, pakuti 1 Timoteo 2 amatiuza kupempherera olamulira, ndipo wotukwana sapeza womumvera. Tichule momveka cimene tikupempha, tisaine dzina lathu, ndipo tidzere mwa akulu a mpingo kuti mau athu akhale amodzi. Acinyamata amene muli ndi mafoni ndi intaneti, nchito imene kale inafuna sitampa ndi milungu ingapo inu mungaigwire tsiku limodzi.

Kwa zaka 50 takhala tikusonkhana pano popanda wotifunsa khadi pakhomo la chalichi. Tiyamike Mulungu cifukwa ca mtendere umenewu, ndipo tiphunzitse ana athu mbiri ya amene anausowa. Ambuye akudalitseni nonse pa cikondwerero cathu.