Nkhokwe za Intaneti: Mbiri Yake M'Malaŵi

Mlimi wa ku Mitundu akamalandira ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money, ngakhalenso mwana wa sukulu ku Nathenje akamafufuza nkhani pa foni, pempho lake limakathera pa kompyuta yaikulu yotchedwa seva, imene ili m'nyumba ina kutali. Seva ikakhala imodzi, magetsi akazima kapena anthu akaichulukira, zonse zimaima. N'chifukwa chake akatswiri amaika maseva angapo m'malo otalikirana, onse osunga zofanana, naika patsogolo pake makina ogaŵa ntchito. Makinawo ali ngati kapitawo wopakiza matumba pa ngolo zingapo: amayang'ana yopepukidwa naisenzetsa, ndipo ng'ombe ya ngolo ina ikagwa, katundu amakwera pa zotsalazo mwini wake osadziŵa kanthu.

Dziko lathu lafika pa nzeru imeneyi pang'onopang'ono. Kampani ya MalawiNet itayamba kugulitsa intaneti m'chaka cha 1997, uthenga unkadzera pa setilaiti, ndipo kalata yochoka pa kampani ina kupita pa inzake mu Blantyre momwemo inkayamba yazungulira kunja. M'chaka cha 2008 makampani anakhazikitsa malo okumanirana mauthenga ku College of Medicine, kuti za kuno zizithera kuno.

Kenaka panadza nthambo za pansi pa nyanja ya mchere: SEACOM mu 2009 ndi EASSy mu 2010. Popeza ife tilibe gombe, timazipeza kudzera ku Mozambique ndi ku Tanzania. Mu 2022 Pulezidenti wa nthaŵiyo, Dr Lazarus Chakwera, anatsegula nyumba ya maseva a boma ku Blantyre. Inali ntchito yotamandika, koma nyumba imodzi ndi imodzi basi. Chaka chomwecho, mu Januwale, namondwe Ana anali ataononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndipo seva siidya china koma magetsi.

Phunziro loŵaŵa linadza pa 12 Meyi 2024, pamene SEACOM ndi EASSy zinaduka tsiku limodzi kufupi ndi gombe la South Africa. Nthambo zinali ziŵiri ndithu, koma zinayalidwa moyandikana, kotero ngozi imodzi inazipeza zonse. Intaneti inafooka m'Malaŵi, Tanzania, Mozambique ndi Kenya, ndipo makampani anayamba kuthamangitsa mauthenga m'njira zina zotsala, zimene nazonso zinadzaza msanga, kufikira sitima yokonza nthambo itafika pamalopo.