Mtolo wa Wapaulendo: Zimene Makolo Ankasenza m'Njira za Mua, Golomoti ndi Mtakataka

Dera lathu lino, limene lagona pakati pa mapiri a Dedza ndi Nyanja ya Malawi, lakhala mpita wa anthu kuyambira makedzana. A kumtunda ankatsika ndi zokolola zawo kudzasinthanitsa ndi nsomba, ndipo a kunyanja ankakwera zitunda atasenza usipa wouma ndi mikeka. Amalonda, ankhondo, amishonale ndi ofuna ntchito, onsewo anaponda m'njira zimenezi. Mayina a ambiri mwa iwo anaiwalika, ndipo tinjira tawo tinamera tchire. Chimene chikanatikumbutsa za iwo ndi katundu amene ankayenda naye, koma nayenso akutha, pakuti anali wa mlaza, bango, chikopa ndi mphonda, zinthu zimene chiswe sichizichitira chisoni. Pa mwambo uno, pamene tikukumbukira makolo, n'koyenera kuti timasule mtolo wa wapaulendo wakale ndi kuona zimene zinali m'kati mwake.

Choyamba chinali nkhata. Munthu asanasenze kanthu ankapota udzu, masamba a nthochi kapena kansalu n'kuika pamutu, kuti katundu akhazikike ndiponso asamupweteke paliwombo. Lero ambiri akamva mawu akuti nkhata amaganiza za maluwa oika pamanda, komatu nkhata yoyambirira inali ya amoyo, ya anthu oyenda mtunda. Pamwamba pa nkhatayo pankakhala mtolo womangidwa ndi luzi, ndipo chokulungira chake kawirikawiri chinali chogonera cha mwini wake, mkeka wa mlaza kapena kamphasa ka bango. Kumadera a udzudzu kunalinso fumba, mkeka wosokedwa m'mbali ngati thumba, wotseguka mbali imodzi yokha. Munthu ankalowamo n'kutembenuka kuti khomolo likhale pansi, motero udzudzu ndi mame sizinkamufika. David Livingstone anaona anthu a m'mbali mwa Zambezi akugona m'mafumba otere ndipo anawatchula m'zolemba zake. Alendo amene masiku ano amabwera kudzagona m'mphepete mwa nyanja ndi matumba ogonamo ogula kunja, akubwera ndi nzeru imene makolo anali nayo kale, yolukidwa ndi masamba a m'dambo.

Madzi ankakhala m'chipanda, ndipo mankhwala, mafuta kapena fodya zinkakhala m'nsupa. Ufa unkaikidwa m'thumba la chikopa cha mbuzi, pamodzi ndi kamphika ndi mthiko. Kamba wa panjira anali zakudya zosavunda msanga: chimanga chokazinga, mtedza, mbatata yootcha ndi nsomba zouma. Paphewa pankakhala nkhwangwa, m'chiuno mpeni, m'manja nthungo kapena uta ndi mivi. Machesi asanafike, moto unkapekedwa ndi timitengo tiwiri touma, kamodzi kogoneka pansi, kena kopukusa ndi zikhatho mpaka utsi utatuluka. Dzuwa likapendeka ali kutali ndi mudzi, apaulendo ankadula nthambi ndi kumweta udzu n'kumanga msasa, n'kusonkha moto waukulu woopsezera afisi ndi mikango. Kukacha ankausiya msasawo, pakuti nyumba yotere sinkasenzedwa.

Mtolo umenewu unali wopepuka, ndipo kupepuka kwake kuli ndi phunziro. Wapaulendo sankasenza zonse chifukwa ankadziwa kuti zina akazipeza kutsogolo. Thengo linkamupatsa luzi, nkhuni ndi denga. Mudzi unkamupatsa zotsalazo. Akafika pamudzi ankakhala pabwalo, n'kulonjeredwa, n'kufotokoza kumene wachokera ndi kumene akupita. Kenaka ankalandira madzi, nsima ndi malo ogona kumphala. Akuluakulu ankati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, choncho kumudyetsa sikusaukitsa munthu. Ankatinso mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, kutanthauza kuti wodutsa akhoza kuthetsa vuto limene eni mudzi lawakanika. Tinganene kuti gawo lalikulu la katundu wa wapaulendo linkasungidwa m'nyumba za anthu amene iye anali asanawaonepo.

Angoni a Maseko anasonyeza kutalika kwa mtunda umene munthu angayende ndi mtolo wotere. Atachoka kummwera anawoloka Zambezi, nafika mpaka ku Songea m'dziko limene lero ndi Tanzania, kenaka nabwerera motsogozedwa ndi Chidyaonga n'kudzakhazikika cha ku phiri la Domwe. Ankayenda ndi ng'ombe, chishango cha chikopa, nthungo ndi chibonga. Mkangano wa pachibale utabuka pakati pa nyumba ya Gomani ndi ya Kachindamoto m'zaka za m'ma 1890, anthu a Kachindamoto anatsika mapiri n'kudzamanga ku Mtakataka. Zida zimene timaziona m'manja mwa ovina ngoma pa miyambo yathu zinali katundu wa paulendo zisanakhale zovinira.

Nthawi yomweyo m'dziko muno munalowa mtundu wina wa katundu. Mu 1902 amishonale a White Fathers anafika ku Mua, m'dera la Kachindamoto, nakhoma hema wawo pafupi ndi mtsinje wa Nadzipokwe. Hema ameneyo ndiye anali nyumba yoyamba ya mishoni imene lero ili ndi tchalitchi, chipatala ndi sukulu. Mu 1908 anatsegula mishoni ya Mtakataka, ndipo mu 1910 ya Bembeke, kumtunda kozizira. Pakati pa malo amenewa panalibe galimoto: chilichonse chinkakwera ndi kutsika phiri pamitu ya anthu. Azungu a boma nawo ankayendera midzi, ndipo mawu athu akuti ulendo anawatenga n'kumawagwiritsa ntchito m'Chingerezi chawo. Bwanamkubwa wa boma la Dedza akanyamuka ulendo, pambuyo pake pankandanda anthu osenza hema wa seyala, bedi lopinda, tebulo ndi mpando, bafa, nyali ya galasi ndi bokosi la zakudya za m'zitini. Mwini ulendo nthawi zambiri ankagona m'machila, nsalu yolimba yomangirira ku nsungwi yaitali, ndipo gulu la amuna linkasinthana pomunyamula, likuthamanga ndi kuimba. Pambuyo pake kunabwera gareta, kampando ka mawilo kokokedwa ndi kukankhidwa ndi anthu.

Zithunzi za maulendo amenewo n'zokongola, ndipo ena akaziona amasirira masiku akalewo. Koma kusirira kwathu kusatiiwalitse funso lakuti anasenza ndani. Mtolo wa makolo unkasenzedwa ndi mwini wake. Katundu wa hema ankasenzedwa ndi mtengatenga. Mtolo umodzi wa mtengatenga unkalemera mapaundi 50 kapena 60, ndipo ankayenda nawo tsiku ndi tsiku. Kampani ya African Lakes, imene anthu ankaitcha Mandala, inkadalira amtengatenga ponyamula malonda ake, ndipo msonkho wa nyumba umene boma linakhazikitsa m'zaka za m'ma 1890 unakankhira amuna ambiri ku ntchito imeneyi. Nkhondo ya 1914 mpaka 1918 ndiyo inafikitsa zinthu poipa. Amuna pafupifupi 200,000 a m'dziko la Nyasaland anatengedwa kukasenza chakudya ndi zipolopolo za asilikali omenyana ndi Ajeremani. Ambiri anapita mokakamizidwa, ndipo ochuluka anafera m'njira ndi njala, kamwazi ndi kutopa. Ngakhale azungu asanabwere, njira za kummwera kwa nyanja zinaona katundu woipa koposa: minyanga ya njovu pamitu ya akapolo, ndi goli m'khosi mwawo. Pokumbukira zipangizo za ulendo wakale, tikumbukirenso makosi amene anapindika pansi pake.

Ulendo wautali umene mabanja ambiri kuno akuukumbukirabe ndi wa ku Halale ndi ku Joni. Amuna ankanyamuka m'magulu, wapansi, kudzera m'dziko la Apwitikizi, n'kukawoloka Zambezi cha ku Tete, ulendo wa masabata angapo. Oyenda paokha popanda wowalemba ankati apita pa selefu. Ena ankalembedwa ndi Wenela kupita ku migodi ya ku South Africa, ena ndi Mthandizi kupita ku minda ndi migodi ya ku Southern Rhodesia. Komiti imene boma linakhazikitsa mu 1935 inapeza kuti anthu a dziko lino pafupifupi 120,000 anali kunja. Mtolo wa popita unali wofanana ndi wa makolo, kungoti tsopano munalowa bulangete, chitini chophikira ndi chitupa cha msonkho. Pobwerera m'pamene katundu ankasintha. Munthu ankafika ndi bokosi lachitsulo lokhoma ndi loko, jasi lolemera, nsapato za jombo, ketulo, nyali ya galasi, mwinanso njinga kapena galamafoni. Bokosi lija linkaikidwa pakona ya nyumba, ndipo m'menemo munkasungidwa nsalu za mayi, makalata ndi ndalama. Amene sanabwerere ankatchedwa matchona, ndipo kwawo kunkatsala mphasa yopanda mwini. Ulendo wa Wenela unaimitsidwa mu 1974, ndege itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi 74 amene ankachokera ku migodi.

Chimene chinatsitsa mitolo pamitu ya anthu m'dera lino ndi njanji. Mu 1935 sitima ya pamtunda inayamba kufika ku Salima kuchokera ku Blantyre, kudzera ku Balaka, Golomoti, Mtakataka ndi Chipoka, ndipo chaka chomwecho mlatho waukulu wa pa Zambezi unatsegulidwa ku Sena. Ulendo umene unkatenga masiku ambiri unasanduka wa tsiku limodzi. Kenaka kunabwera malole ndi mabasi, msewu wa m'mbali mwa nyanja, ndi msewu wa Khwekhwelere umene umakwera kuchokera ku Golomoti. Chigubu cha pulasitiki chinalowa m'malo mwa chipanda, chikwama cha zipi m'malo mwa luzi, tochi ya pafoni m'malo mwa nyali. Palibe amene angafune kubwerera ku matuza a kumapazi ndi mantha a mikango. Komabe pali zimene zinatsalira m'njira. Chipanda chikasweka, china chinkamera kumunda. Chigubu chikabooka chimakatsakamira mumtsinje. Wapaulendo wakale ankadziwa mtengo wa luzi, chitsime cha m'chilimwe ndi dzina la nyakwawa ya mudzi uliwonse. Wa lero amadutsa midzi khumi osapereka moni kwa munthu.

Kuno kwathu tili ndi mwayi umene madera ambiri alibe. Malo a zachikhalidwe a Kungoni, amene Bambo Claude Boucher Chisale anayambitsa ku Mua mu 1976, pamodzi ndi nyumba yosungiramo zakale ya Chamare, asonyeza kuti mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao ikhoza kusungidwa pamalo amene eni ake angaione. Koma nyumba imodzi singasunge za m'mudzi uliwonse. Zambiri zikadali m'nyumba mwathu: nsupa yakuda ndi utsi yolendewera kudenga, nkhwangwa ya agogo, bokosi lachitsulo limene tsopano asungiramo mbewu, chitupa chakale chopindidwa m'kati mwa Baibulo. Zinthu zotere zimatayidwa tsiku losesa pambuyo pa maliro, kapena kugulitsidwa kwa ogula zitsulo zakutha pa mtengo wa sopo.

Pempho lathu kwa mafumu, amayi, abambo ndi achinyamata amene mwasonkhana pano n'lakuti musazitaye. Chinthu chilichonse chotere chifunsidwe mbiri yake eni kudziwa akadali moyo: anali nacho ndani, anapita nacho kuti, chaka chanji, ndipo anabwerera kapena ayi. Mayankhowo alembedwe papepala n'kusungidwa pamodzi ndi chinthucho, pakuti bokosi lopanda dzina la mwini wake ndi chitsulo chabe. Agogo amene akudziwa kusoka fumba, kufula chipanda kapena kupeka moto apatsidwe mpata pabwalo kuti aonetse ana, ndipo madambo a mlaza ndi bango atetezedwe ku moto wolusa, chifukwa luso silikhalapo popanda zolukira. Pomaliza, pamene titchula mayina a mafumu ndi amishonale amene anatsegula malo ano, titchulenso amtengatenga ndi onyamula machila a m'mabanja mwathu. Mabuku sanawalembe, koma hema woyamba wa ku Mua sanafike yekha pa Nadzipokwe.