Kodi Mose Analemba Yekha za Maliro Ake?

Abale ndi alongo otsogolera makalasi a kuwerenga, munthu akadziwa zilembo amayambanso kufunsa. Amene wafika pa Deuteronomo 34 apeza kuti Mose wamwalira m'dziko la Moabu, waikidwa m'chigwa, ndipo Aisrayeli amlira masiku 30. Tsono adzakufunsani kuti, kodi si Mose yemweyu munati analemba buku lino? Musamkalipire ayi. Funso limeneli nlakale kuposa mipingo yathu yonse.

Chiphunzitso chimene tinalandira kwa makolo a chikhulupiriro ndi chakuti Genesis, Eksodo, Levitiko, Numeri ndi Deuteronomo ndi mabuku a Mose. Akhristu oyamba anachitenga kwa Ayuda, amene amatcha mabuku asanuwa Torah, ndiye kuti Chilamulo. Martin Luther m'Baibulo lake la Chijeremani anangowatcha Mose Woyamba kufikira Mose Wachisanu. Ndipo sichinachokere m'mutu chabe. Pa Eksodo 17:14 Mose alamulidwa kulemba za nkhondo ya Amaleki. Pa Numeri 33:2 alemba malo amene anthu anagonamo paulendo wao. Pa Deuteronomo 31 alemba chilamulo napereka kwa ansembe, kuti pakutha pa zaka 7 zilizonse chiziwerengedwa pamaso pa amuna, akazi, ana ndi alendo omwe. Ambuye Yesu nayenso, pa Marko 12:26, anatchula buku la Mose ponena za chitsamba choyaka moto. Koma tinene zoona: Genesis satchula dzina la mlembi wake paliponse.

Nanga za maliro zija? Akale sanagwirizane. Philo wa ku Alexandria ndi Josephus, Ayuda ophunzira a m'nthawi ya atumwi, anati Mose analemberatu imfa yake monga mneneri. M'buku la Talmud, momwe Ayuda anasonkhanitsamo zokambirana za aphunzitsi ao, ena akuti mavesi 8 otsirizawo analemba ndi Yoswa. Wina akana, akuti Mulungu ananena mauwo ndipo Mose analemba misozi ili mbwembwembwe. Nkhani yogwira mtima ndithu, koma ife tiima ndi oyamba aja, pakuti vesi 6 likuti manda ake sadziwika kufikira tsiku la wolembayo, ndipo vesi 10 likuti sanaukenso mneneri wonga Mose. Wolankhula chotere akuyang'ana m'mbuyo, zaka zitapitapo. Jerome, amene anamasulira Baibulo m'Chilatini namwalira m'chaka cha 420, sanavutike nazo konse. Iye anati kaya munene kuti mlembi ndi Mose, kaya munene kuti Ezara ndiye anakonzanso mabukuwo, alibe nazo mlandu.

Mkangano waukulu unadza mochedwa. M'chaka cha 1753 dotolo wa ku France, Jean Astruc, anaona kuti m'Genesis mbali zina zitchula Mulungu kuti Elohim, zina Yehova, naganiza kuti Mose anali ndi zolembedwa zakale zimene analumikiza. Chodabwitsa nchakuti iye ankafuna kuteteza Mose! Koma ena anayenda ndi njira yomweyo kufika patali, ndipo kuyambira pa buku la Julius Wellhausen la mu 1878 ophunzira ambiri amati mabukuwa analukidwa ndi manja ambiri, namalizidwa cha m'nthawi ya ukapolo wa ku Babulo kapena pambuyo pake.

Ife tigwirabe kuti muzu wa Chilamulo ndi Mose, koma sitiumirira kuti chilembo chilichonse chinatuluka m'dzanja lake. Mukafuna kuti ophunzira aone okha, wina awerenge Genesis 14:14, pamene Abramu alondola adani kufikira ku Dani. Wina atsegule Oweruza 18:29. Apeza kuti mudziwo unali Laisi, ndipo dzina la Dani unalandira Mose ndi Yoswa atamwalira kale.