Mbiri ya Chilolezo cha Alendo m'Dziko la Japan

Dziko la Japan ndi la zilumba, ndipo kuyambira kalekale nyanja yakhala mpanda wake. Mlendo akamafika pamadzi amaonekera patali, kotero kuti nkosavuta kwa eni dziko kusankha woti alowe ndi woti abwerere.

Apwitikizi anafika kumeneko m'chaka cha 1543, atanyamula mfuti ndi malonda, ndipo ansembe anawatsatira. Olamulira a fuko la Tokugawa ataona kuti chipembedzo chatsopanocho chikhoza kugwedeza ufumu wawo, anathamangitsa Apwitikizi onse mu 1639. Chaka chotsatira nthumwi zinachokera ku Macau kudzapempha kuti malonda ayambirenso, koma anthu 61 mwa iwo anaphedwa ku Nagasaki. Mwa Azungu onse, Adatchi okha ndiwo anatsala. Kuyambira mu 1641 iwo anaikidwa pa Dejima, kachilumba komangidwa ndi manja, kolumikizidwa kumtunda ndi mlatho umodzi wokhala ndi alonda. Mlendo woyenda kungofuna kuona dziko analibe malo konse.

Zinthu zinasintha mu 1853 pamene Matthew Perry wa ku America anatulukira ndi sitima zinayi zankhondo. Mapangano a 1854 ndi 1858 anatsekula madoko angapo, monga Hakodate ndi Yokohama. Komabe kutsekulako kunali kwa theka. Mlendo sankaloledwa kupitirira mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kuchokera padoko, ndipo wofuna kulowa m'kati mwa dziko ankayenera kupempha chiphaso chapadera kudzera kwa kazembe wa dziko lake. Zifukwa zovomerezeka zinali ziwiri: kukapezako mphamvu m'thupi kapena kukafufuza za maphunziro. Nzosadabwitsa kuti alendo ambiri athanzi labwino anayamba kudzitcha odwala.

Kuumitsa kotereku sikunali nkhanza chabe. Mapangano aja ankati mlendo akalakwa aziweruzidwa ndi kazembe wa kwawo, osati bwalo la milandu la Japan. Tsono boma linaona kuti nkosayenera kuti munthu amene malamulo ake samukhudza aziyenda momasuka m'midzi yake. Chiphasocho chinasanduka chida chokakamizira maiko a Azungu kuti akonze mapanganowo.

Mayi Isabella Bird a ku Britain anayenda ulendo wotchuka mu 1878, kuchokera ku Tokyo mpaka ku Hokkaido. Chiphaso chawo anachipeza mothandizidwa ndi kazembe Harry Parkes. Kukonzekera kwawo kunali kwakukulu: analemba ntchito mnyamata womasulira, nanyamula kama wopinda, ukonde wotchinga udzudzu ndi chishalo cha kavalo, popeza m'nyumba zogona alendo munali utitiri wosaneneka ndipo misewu yambiri inali ya matope.

Mu 1899 mapangano atsopano anayamba kugwira ntchito. Makhoti a akazembe anatha, ndipo chiphaso cha m'kati mwa dziko chinathera pomwepo. Pofika mu 1912 kunakhazikitsidwa bungwe la Japan Tourist Bureau loti lizikopa alendo omwe aja amene kale ankatsekeredwa kunja.

Alendo amene anafika mu 2019 anapitirira 31 miliyoni. Koma mliri wa Covid-19 utabuka mu 2020, dzikolo linatsekanso zipata zake, ndipo alendo oyenda paokha analoledwa kubwereranso mu Okutobala 2022.