Dzuŵa, Phiri ndi Napolo: Mbiri ya Nyengo ku Phalombe

Nkhani ya sabata ino ikuchokera ku Phalombe, boma limene lidapatulidwa ku Mulanje m'chaka cha 1998. Kumwera kwake kuli phiri la Mulanje ndi mnzake Michesi, kumpoto kuli nyanja ya Chilwa, kuvuma kuli malire a Mozambique, ndipo pakati pali chigwa chachikulu cha chimanga, nandolo, mpendadzuŵa ndi mpunga. Mlimi wa m'chigwa chimenechi amaudziŵa bwino mwambi uja wakuti walira mvula walira matope. Chaka china mbeu zake zimapserera m'munda. Chaka china madzi ndi miyala zimatsika m'phiri n'kukokolola mudzi wathunthu. Funso limene lili pakamwa pa anthu ndi lakuti, kodi zimenezi n'zakalekale, kapena nyengo yasinthadi? Mbiri ikuyankha kuti zonse ziŵiri n'zoona. Chilala ndi madzi osefukira si alendo ku Phalombe, koma m'zaka zino dziko lapansi latentha, ndipo kutenthako kwapatsa mphamvu zatsopano adani akalewo.

Chimene chimagaŵa nyengo

Makolo adagaŵa chaka m'zigawo zinayi: dzinja la mvula, masika a zokolola, chisanu cha mu Juni ndi Julaye, ndi chilimwe chotentha chimene chimatha ndi mvula ya chizimalupsa. Mwini wake wa zigawo zimenezi ndi dzuŵa. Dziko lapansi limazungulira dzuŵa kamodzi pa chaka, koma poyenda ulendowo siliima chilili ai. N'lopendekeka ndi madigiri 23 ndi theka. Chifukwa cha kupendekekako, mu Disembala mbali ya kumwera kwa dziko, kumene kuli Malaŵi, imayang'anana bwino ndi dzuŵa, ndipo mu Juni imalifulatira pang'ono. Phalombe ali pafupifupi madigiri 16 kumwera kwa mzere wa Equator, choncho dzuŵa limadutsa paliombo penipeni kaŵiri pa chaka, kumayambiriro kwa Novembala ndi kumayambiriro kwa Febuluwale.

Kumene dzuŵa laima paliombo nthaka imatentha, mpweya wotenthawo umakwera, ndipo mphepo za mbali zonse zimathamangira kumeneko. Mwera umachokera ku nyanja yamchere ya India, mpoto umachokera kumpoto, ndipo mphepo ina yachinyontho imadza kuchokera ku nkhalango za Congo. Pamene mphepozi zakumana, mitambo imaundana ndipo mvula imagwa. Malo okumanirawo amalondola dzuŵa ngati mwana wa mbuzi pambuyo pa make: amafika kuno cha mu Novembala ndi Disembala, n'kubwerera kumpoto cha mu Malichi ndi Epulo. Dzinja ndi limenelo.

Phiri ndi nyanja

Dzuŵa ndi limodzi, koma maboma salandira nyengo yofanana, pakuti mapiri nawonso ali ndi gawo lawo. Munthu akakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri 6 kapena kupitirira pang'ono. N'chifukwa chake pa Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002, madzi amatha kuundana m'chisanu pamene ku Migowi anthu akungofunda nsalu.

Komanso phiri limatchinga mphepo. Mwera ukafika pa Mulanje umakakamizika kukwera, umazizira, n'kukhuthula madzi ake kumwera kwa phiri, kumene kuli minda ya tiyi. Potsikira ku Phalombe umakhala utafinyidwa kale. Ngakhale chiperoni, mvula yowaza ya m'chisanu imene idatenga dzina ku phiri la Chiperone ku Mozambique, imakonda mbali ya tiyi koposa chigwa cha kuseri. Motero maboma aŵiri oyandikana, amene kale adali boma limodzi, ali ndi nyengo ziŵiri zosiyana.

Madzi a mbali ya kumpoto kwa phiri amatsata mitsinje ya Phalombe ndi Sombani n'kukathera m'nyanja ya Chilwa. Nyanja imeneyi ndi yosaya ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Chimene chimamwa madzi ake ndi dzuŵa ndi mphepo basi. Pa chifukwa chimenechi Chilwa ali ngati kaundula wa mvula. Zaka za mvula zikatsatizana amadzaza, matemba, makumba ndi milamba n'kuchuluka. Zaka za chilala zikatsatizana amaphwa.

Pali chinthu chinanso chakutali chimene chimalamula nkhokwe za ku Phalombe. Pakapita zaka zingapo madzi a m'nyanja ya Pacific, kufupi ndi South America, amafunda koposa masiku onse, ndipo mayendedwe a mphepo amasokonezeka pa dziko lonse. Akatswiri amatchula zimenezi kuti El Niño. Kaŵirikaŵiri m'zaka zotero mvula imachepa kumwera kwa Africa, monga zidachitikira mu 1992, mu 2016 ndi mu 2024.

Zaka zosaiŵalika

Akuluakulu a m'mphepete mwa mapiri ankasimba za Napolo, chinjoka chokhala pansi pa phiri, chimene chikafuna kusamukira kunyanja chimang'amba nthaka n'kutenga chilichonse cha pa njira yake. Nthanoyi idasunga chinthu choona: kuti mvula ikagwa masiku otsatizana, nthaka ya pa phiri imakhuta madzi, imalemera, n'kugumuka pamodzi ndi miyala ndi mitengo. Mu Disembala 1946 Napolo adatsika pa phiri la Zomba, nagumula milatho ndi kupha anthu. Patangopita zaka ziŵiri mvula idakana, ndipo mu 1949 m'chigawo cha kumwera mudagwa njala imene okalamba akali kuisimba. Mu 1968 nyanja ya Chilwa idauma, asodzi n'kumayenda pansi pamene ankapalasa bwato. Idaumanso mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu idasanduka matope ong'aluka.

Tsiku limene Phalombe sadzaliiŵala ndi la 10 Malichi 1991. Itagwa mvula yamphamvu, mbali za phiri la Michesi zidagumuka, ndipo matope ndi miyala ikuluikulu, ina yonga nyumba, zidatsikira m'midzi ndi pamalo a malonda a Phalombe. Anthu mazanamazana adafa, ambiri osaoneka n'komwe mitembo yawo, ndipo zikwi zidasoŵa pokhala. Ngozi imeneyi ndiyo idachititsa boma kukhazikitsa lamulo loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi m'chaka chomwecho. Chaka chotsatira, 1992, anthu omwe aja amene adathaŵa madzi adakumana ndi chilala choopsa.

Zonsezi zikuonetsa kuti nyengo ya ku Phalombe siidakhalepo yofatsa. Tsono chasintha n'chiyani?

Gombeza la dziko lapansi

Pa 18 Epulo 1859 David Livingstone adafika pa nyanja ya Chilwa naona phiri la Mulanje chapatali. M'chaka chomwecho, ku London, katswiri wina wa ku Ireland, John Tyndall, adayesa mitundu ya mpweya napeza kuti nthunzi ya madzi ndi mpweya wa carbon dioxide zimagwira kutentha. Kuŵala kwa dzuŵa kumadutsa mumlengalenga n'kutenthetsa nthaka ndi nyanja. Nthaka nayo imabweza kutenthako kumwamba, koma mipweya imeneyi imasungako gawo lina monga momwe gombeza limasungira kutentha kwa thupi. Gombeza limeneli n'lofunika, pakuti popanda ilo dziko likadazizira kufika madigiri 18 pansi pa ziro, m'malo mwa madigiri 15 amene lili nawo tikaphatikiza malo onse. Vuto limadza gombezalo likakhuthala.

Mu 1896 Svante Arrhenius wa ku Sweden adaŵerengera kuti carbon dioxide akachuluka, dziko lidzatentha. Nthaŵi imeneyo mafakitale a ku Ulaya adali atatentha kale malasha kwa zaka zoposa 100. Malasha, mafuta a galimoto ndi gasi ndi zotsalira za zomera ndi tizilombo takale zimene zidakwiririka pansi kwa zaka miyandamiyanda. Anthu akazikumba n'kuzitentha m'mafakitale, m'nyumba zopangira magetsi, m'galimoto, m'sitima ndi m'ndege, mpweya umene udatsekeredwa pansi umatulukira kumwamba. Kupanga simenti kumaonjezerapo wina. Mitengo imamwa mpweya umenewu pokula, choncho nkhalango ikadulidwa n'kuotchedwa, dziko limaluza paŵiri: wakumwa wachoka, ndipo zimene adamwa zabwerera mumlengalenga. Palinso mpweya wa methane, wochokera m'mimba mwa ng'ombe, m'minda ya mpunga yodikha madzi, m'migodi ndi m'nkhuti za zinyalala.

Kuyambira 1958 Charles Keeling adayamba kuyeza mpweyawu pa phiri la Mauna Loa ku Hawaii. Mafakitale asanayambe, pa magawo miliyoni imodzi a mpweya, 280 adali a carbon dioxide. Keeling adapeza 315. Pofika 2024 adali atapitirira 420. Bungwe loona za nyengo pa dziko lonse la World Meteorological Organization lidalengeza kuti 2024 chidali chaka chotentha koposa zonse zimene zidayezedwa chisanafike, pafupifupi digiri imodzi ndi theka pamwamba pa zaka za pakati pa 1850 ndi 1900. M'Malaŵi momwe muno kutentha kudakwera ndi pafupifupi digiri imodzi pakati pa 1960 ndi 2006.

Digiri imodzi ikumveka ngati kanthu kakang'ono, koma ntchito yake ndi yaikulu. Mpweya ukatentha ndi digiri imodzi umatha kunyamula nthunzi yoonjezera magawo 7 pa 100 alionse. M'chilimwe umayamwa chinyontho m'minda, m'madambo ndi m'nyanja yosaya ngati Chilwa mofulumira. M'dzinja umakhuthula madzi ambiri nthaŵi imodzi. Anamondwe nawo amabadwira pa nyanja yofunda madigiri 26 kapena 27, ndipo chakudya chawo ndi kufunda komweko. Nyanja ya India ikamafunda, namondwe amafika kumtunda atasenza madzi ochuluka.

Namondwe wa Freddy

Omvera a m'chigawo cha kumwera aona okha mndandanda wake: madzi osefukira mu Januwale 2015, namondwe wa Idai mu Malichi 2019, wa Ana mu Januwale 2022, wa Gombe mu Malichi chaka chomwecho. Kenaka kudadza Freddy. Iyeyu adabadwira kufupi ndi Australia kumayambiriro kwa Febuluwale 2023, nadutsa nyanja yonse ya India, naomba Madagascar ndi Mozambique, nabwerera kunyanja kukatenga mphamvu zina, ndipo pa 11 Malichi adaloŵanso kumtunda pafupi ndi Quelimane. Adakhala moyo masiku 36, kuposa namondwe wina aliyense wolembedwa m'mbiri kufikira nthaŵi imeneyo.

Atafika pa mapiri a kumwera kwa Malaŵi adachita ngati waima. Ku Nkhulambe, m'boma la Phalombe, kudagwa mvula yoposa mamilimita 1,000 m'masiku anayi okha, mvula imene madera ambiri a dziko lino amalandira pa chaka chathunthu. Mapiri adagumuka ku Phalombe, ku Mulanje, ku Chiradzulu ndi ku Soche mu mzinda wa Blantyre. Akufa ndi osoŵa m'dziko lonse adapitirira 1,000, ndipo oposa theka la miliyoni adasiya nyumba zawo. Zidali zaka 32, pafupifupi tsiku lomwelo, chichitikire ngozi ya pa Michesi. Ndipo monga zidachitikira mu 1992, chaka chotsatira kudadza chilala: mu Malichi 2024 boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya njala.

Mlandu wa kutali, mlandu wa pafupi

Pa nkhani ya kutentha kwa dziko, mlimi wa ku Chiringa kapena ku Nkhulambe ali ngati munthu wolipira mlandu wa eni ake. Africa yense amatulutsa magawo osapitirira 4 pa 100 alionse a carbon dioxide wochokera ku malasha ndi mafuta. Wochuluka adatuluka ku Ulaya ndi ku America, ndipo m'zaka zaposachedwa ku China ndi maiko ena a mafakitale. Maiko adakumana ku Rio de Janeiro mu 1992, ku Kyoto mu 1997, ndi ku Paris mu 2015, kumene adapangana kuti kutentha kusafike madigiri 2, ndi kuyesetsa kuti kulekezere pa digiri imodzi ndi theka. Mu 2022, ku Sharm el-Sheikh m'dziko la Egypt, adavomera kukhazikitsa thumba lothandizira maiko osauka amene aonongekeredwa katundu ndi miyoyo.

Koma pali mbali ina ya mlandu imene ili pakhomo. Kalembera wa 1998 adapeza anthu pafupifupi 230,000 ku Phalombe. Wa 2018 adapeza oposa 400,000. Malo atachepa, minda idakwera m'mapiri ndipo nyumba zidamangidwa m'makwaŵa momwe madzi adadutsa kale. Nkhwangwa, uvuni wa makala ndi moto wolusa zavula mapiri, ndipo mkungudza wa pa Mulanje, umene udasankhidwa mu 1984 kukhala mtengo wa fuko, watsala pang'ono kutha m'nkhalango zake zachilengedwe. Mitengo ya pa Michesi siingaletse namondwe kubadwa ku nyanja ya India, ndiponso mvula yonga ya Freddy imatha kugumula ngakhale phiri la nkhalango. Komabe mizu imagwira nthaka, masamba amachepetsa liŵiro la madzi, ndipo mtsinje wa mitengo m'mbali mwake sukwiririka msanga ndi mchenga.

Kupendekeka kwa dziko sikudasinthe, ndipo dzuŵa lidzapitirira kuima paliombo pa Phalombe mu Novembala ndi mu Febuluwale. Chimene chasintha ndi kulemera kwa mitambo imene imalitsata. Nzeru za makolo zoŵerenga mphepo ndi mitambo n'zofunikabe, koma tsopano ziyenera kuyenda pamodzi ndi uthenga wa a zanyengo umene umaulutsidwa pa wailesi, ndipo chenjezo likaperekedwa, banja lisamuke usiku usanagwe. Miyala imene idatsika mu 1991 ndi mu 2023 ikali m'minda ndi m'mbali mwa miseu, ndipo ikuloza poyera njira zimene Napolo adadzera. Womanga nyumba ayambe wayang'ana miyalayo, pakuti akuluakulu adanena kale kuti madzi saiŵala khwaŵa.