Bwalo la Ndege la Lusaka ndi Anthu a M'makomboni

M'nkhani ino tifuna kuunika ubale umene wakhalapo pakati pa mabwalo a ndege a Lusaka ndi anthu a m'makomboni. Mfundo yathu ndi yakuti ngakhale ambiri mwa anthuwa sanakwerepo ndege, mbiri yawo ndi ya mabwalowa ndi yolukanalukana.

Pamene atsamunda anasamutsa likulu kuchoka ku Livingstone kudza ku Lusaka mu 1935, mapulani a mzinda anapatula malo a bwalo la ndege, limene pambuyo pake linatchedwa City Airport, koma sanasamale mokwanira za pogona pa Aafirika odzagwira ntchito. Boma la mzinda linamanga Matero m'zaka za m'ma 1950, koma nyumbazo sizinakwanire. Motero anthu anadzimangira okha ku Kanyama, Chawama ndi George, ndipo Kalingalinga anakula moyandikana ndi bwalo lakalelo. Kwa anthu a kumeneko ndege inali phokoso la tsiku ndi tsiku, osati chokwera.

Mu 1967 boma linatsegula Lusaka International Airport, makilomita oposa 20 kum'mawa kwa mzinda. Makomboni ambiri anadikira kufikira 1974, pamene lamulo latsopano la nyumba linalola kuti avomerezedwe ndi kukonzedwa. Apa tikuona kuti njira ya mlendo inasalazidwa msanga kuposa ya mwini mudzi. Ngakhale pamene kampani ya Zambia Airways inatsekedwa mu 1994, waulendo wa ku Mtendere sanasinthe kayendedwe; basi ndi sitima ndizo zinali zake.

Komabe pali masiku awiri amene bwaloli linasanduka la anthu onse. Pa 27 Epulo 1993 ndege yonyamula timu ya mpira ya Zambia inagwera m'nyanja pafupi ndi Libreville, ndipo anthu 30 anafa. Mitembo itafika, makamu anandanda m'misewu kuilandira, ndipo inaikidwa pambali pa Independence Stadium, kufupi ndi Matero. Mu Febuluwale 2012 makamu anakhamukiranso ku bwaloli, lomwe chaka cha 2011 linapatsidwa dzina la Kenneth Kaunda, kukachingamira timu imene inatenga chikho cha Afirika mu Libreville momwemo.

Kwa ife ophunzira zinenero, mawu nawonso ndi mboni. Liwu lakuti ndege tinalibwereka ku Chiswahili, kumene limatanthauzanso mbalame, pomwe komboni ndi liwu la Chingerezi limene lilime lathu linaumba mwatsopano. Aphunzitsi angachite bwino kuphunzitsa mawu awiriwa pamodzi ndi mbiri yake, pakuti mwana wa ku Kalingalinga amene waona ndege ikudutsa pamwamba pa denga ayenera kudziwanso chifukwa chake makolo ake anamanga pamenepo.